Funsani Mmisiri: Kodi madzi amchere angathyole rodi?

FUNSO

Amisiri, ine ndimaboola mijigo ndipo kwathu ndi kwa Santhe kuno ku Kasungu. Makina ndi a bwana, koma hamala (chomenyera thanthwe pansi pa dzenje), mabiti (mitu ya mano yoswera mwala) ndi marodi (mapaipi achitsulo otsitsira hamala m'dzenje) zili m'manja mwanga, chikawonongeka wofunsidwa ndi ine. Chilimwe chathachi tinapeza ntchito ku Chikwawa, mbali ya ku Ngabu. M'malo angapo madzi amene tinapeza anali amchere moti anyamata ankalavula akalawa. Kumeneko zitsulo sizinativute. Vuto layamba titabwerera kuno: rodi yathyokera pa mazinga, pamene marodi amalumikizirana, tili kwa Chamama, biti yataya mano awiri, ndipo titatsegula hamala tapeza pisitoni ili ndi timaenje. Bwana akuti anyamata anga ndi osasamala. Wogulitsa akuti zitsulo zake ndi zenizeni. Mnzanga wina akuti chitsulo chophwanya thanthwe sichingaope mchere. Zandiimitsa mutu. Akunena zoona ndani?

Woboola mijigo, kwa Santhe, Kasungu

YANKHO

Achimwene, zikomo polemba. Ndiyambe ndi mnzanuyo, chifukwa maganizo akewo ali ndi anthu ambiri pa ntchito yathuyi. Kulimba kwa chitsulo ndi nkhani ina, kukana dzimbiri ndi nkhani inanso. Zitsulo za marodi, mabiti ndi hamala amaziwotcha ndi kuziziziritsa mwaluso ku fakitale kuti zipirire kumenyedwa ndi kupotokoledwa, koma si stainless steel, chitsulo chija chokana dzimbiri. Dzimbiri limazigwira bwinobwino. Ndipo chitsulo cholimbitsidwa kwambiri ndicho chimene sichichedwa kuthyoka kamng'alu kakangoyamba, chifukwa sichipindika n'kukuchenjezani, chimangoduka basi.

Kuti dzimbiri liyambe pamafunika chitsulo, madzi ndi okosijeni wa mumpweya. Zimene zimachitika pamenepo ndi za magetsi ochepa kwambiri amene sitingawamve ndi dzanja. Pamalo ena chitsulo chimasungunuka pang'onopang'ono, pamalo ena okosijeni amalandira mphamvu yochokera pamene pakusungunukapo, ndipo madzi ndiwo amalumikiza malo awiriwa. Madzi a mvula salola magetsi kuyenda bwino, n'chifukwa chake dzimbiri lake limachedwa. Madzi amchere amawalola kuyenda mosavuta. Kuwonjezera apo, mumchere muli chloride, amene amaboola kachikutu kopyapyala kamene chitsulo chimadzipangira pamwamba. Saboola paliponse mofanana. Amasankha pamene pali kachipsera kapena pobisika, n'kumakumba pomwepo chotsika. Timaenje ta pa pisitoni yanuto ndi ntchito yake.

Musaganize kuti pamafunika mchere wadzaoneni. Madzi a m'nyanja zikuluzikulu amakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa lita imodzi, ndipo dzimbiri pa chitsulo wamba limathamanga kwambiri mchere ukakhala wa mlingo woyandikira pamenepo. Ukapitirira kwambiri limayamba kuchepa, chifukwa madzi okhuta mchere sasunga okosijeni wambiri. Madzi a mijigo yambiri ya ku Chikwawa safika pa mlingo wa m'nyanjawo. Lilime limayamba kumva chloride akafika cha pa mamiligalamu 250 pa lita, choncho madzi amene anyamata ankalavulawo mwina anali kutali ndi a m'nyanja. Koma taonani chimene chimachitika rodi ikatuluka m'dzenje. Mwaigoneka pa galimoto padzuwa la ku Ngabu lija. Madzi akuuma, mchere sukuuma nawo. Kadontho kotsalira m'kati mwa mazinga kakucheperachepera, mchere wake ukukulirakulira, mpaka kudutsa pa mlingo woopsa uja. Kukauma mumatsala ufa woyera umene ambiri timangouona ngati fumbi. Ufa umenewo umakoka chinyezi cha mumpweya. Usiku mame akagwa umanyowanso, ntchito n'kuyambiranso. Rodi ikuoneka youma, inu mwagona, koma m'mazinga mukudyeka.

Apa ndi pamene pagona yankho la funso lanu. Mukudabwa kuti zitsulo sizinavute ku Chikwawa koma zavuta kwa Chamama. Mchere munaunyamula pa galimoto. Unagwira ntchito yake pa ulendo wonse wobwerera ndiponso masiku onse amene marodi anagona pabwalo kudikira ntchito ina. Thanthwe la kuno langomaliza zimene mchere unayamba.

Palinso china chimene timaiwala. Madzi a pansi panthaka amakhala ndi okosijeni wochepa. Amene timamupititsa kumeneko ndi ife tomwe. Kompuresa imakankhira mpweya wambiri, wotentha, m'dzenje, ndipo mpweyawo umasakanikirana ndi madzi amchere n'kukhala nkhungu yothamanga imene imakwera ikukhula hamala ndi marodi. Kutentha, mpweya ndi mchere zikakumana chonchi dzimbiri silisowa kanthu.

Tsopano za mwala. Pansi pa Kasungu ndi Mchinji, mukadutsa dothi lofiira ndi mwala wofumbutuka uja, mumafika pa thanthwe lakale kwambiri, makamaka la mtundu wa gneiss, lodzaza ndi quartz. Pa muyezo wa Mohs woyezera kulimba, umene umayambira 1 kulekezera 10, quartz ali pa 7. Chitsulo cha thupi la biti sichimuposa, pamene tungsten carbide wa mano a biti ali cha pa 9. N'chifukwa chake mano amaphwanya mwala koma zinyenyeswa za mwalawo zimapala thupi la biti pokwera kumwamba. Dzimbiri ndi lofewa. Zinyenyeswazo zimalichotsa m'kanthawi kochepa, n'kusiya chitsulo chatsopano chowala, ndipo chitsulo chongopalidwa kumene ndicho chimachita dzimbiri msanga kuposa china chilichonse. Dzimbiri likabwerera, mwala ukulipalanso. Ziwirizi zimalandizana, ndipo chitsulo chimene chimatayika chimachuluka kuposa mukanaphatikiza cha mwala pawokha ndi cha mchere pawokha.

Komabe ndinene mosabisa mmene ine ndimaonera. Pa nthawi imene hamala ikumenya thanthwe lolimba, wodya chitsulo kwambiri ndi mwala. Mchere gawo lake pa kuperepeseka kwa biti ndi lochepa poyerekeza. Amene amati madzi amchere amasungunula biti tsiku limodzi akukokomeza. Kuopsa kwa mchere kuli pa timaenje, chifukwa kadzenje kalikonse ndi poyambira mng'alu.

Tengani waya muziupinda uku ndi uku pamalo amodzi. Suthyoka ulendo woyamba, koma pitirizani muone. Ndiye mukayamba mwauchekako pang'ono ndi tupa, uthyokera pomwepo, mwamsanganso. Hamala imamenya kopitirira 1,000 pa mphindi imodzi, marodi akuzungulira, akunjenjemera, akupindika pang'ono dzenje likakhota. Chitsulo chabwino chikakhala pouma chili ndi malire: katundu akakhala wochepera malirewo chimatha kupirira kumenyedwa mamiliyoni ambirimbiri osathyoka. M'madzi amchere malire amenewo amachoka. Ngakhale katundu wochepa, nthawi ikakwana, amachithyola, chifukwa mng'alu ukatseguka madzi amalowa n'kudya kunsonga kwake, ukatsekeka n'kutsegukanso walowa mozama. Pa mazinga ndi pamene zonsezi zimakumana: m'pokhotakhota, katundu amaunjikana pansi pa zinga lililonse, ndipo madzi akalowamo satuluka.

Anzathu a m'makwale amene amaboola ndi jekehamala kapena makina omenyera kumwamba ali pa ngozi yokulirapo. Kwa iwo nkhonya iliyonse imadutsa mu rodi yonse, ndipo madzi otsukira dzenje amayenda m'kabowo ka pakati pa rodiyo. Ming'alu yambiri imayambira m'kati mwa kabowoko, mmene diso silifika.

Nanga bwana wanu? Sindingamutsutse ndisanaone rodiyo, ndipo inunso musamutsutse musanaione bwino. Ngati chidutswacho mukadali nacho, musachikhule ndi sandipepa. Chipukuteni ndi kansalu ka dizilo, mupite nacho powala. Rodi yothyoka pang'onopang'ono imakhala ndi nkhope ziwiri. Mbali ina ndi yosalala, yoderako, ndipo mukaiyang'anitsitsa muona timizere tokhota totsatizana, tonse tozungulira malo amodzi a m'mphepete. Mbali yotsalayo ndi yokhakhala, yotuwa mowala: ndi pamene panaduka kamodzin'kamodzi chitsulo chotsala chitalephera kunyamula. Tsatirani timizereto mpaka pamene tayambira. Mukapezapo kadzenje kofiirira, kozungulira, ndipo pali tina tofanana nako m'mazinga oyandikana, mlandu ndi wa mchere. Mukapezapo chipsera cha mano a sipanala, kapena pamene wina anamenya ndi hamala yamanja pofuna kumasula, kapena pamene panawotcheredwa, bwana wanu ali ndi mfundo. Nkhope yonse ikakhala yokhakhala yowala, popanda mbali yosalala, ndiye kuti rodi inakakamizidwa mopitirira muyezo nthawi imodzi, mwina itakanirira m'dzenje, kapena chitsulocho chinali ndi vuto, ndipo pamenepo mpomwe mungabwerere kwa wogulitsa uja chidutswa chili m'manja.

Zowotcherera pa rodizi zimandipweteka mtima. Ndimaziona kawirikawiri pa marodi obwera ku shedi kwanga kuno pa boma: wina wadzaza chipsera ndi moto kuti pasaoneke. Moto wa kuwotcherera umasokoneza kulimba kumene anakonza ku fakitale, ndipo m'mphepete mwa powotchererapo ndi pamene mng'alu umadzabadwira. Rodi yotere ikathyokera pansi mumataya hamala, biti, nthawi zina ndi dzenje lomwe.

Za mano a biti, yang'anani m'mabowo mmene anachokamo. Manowa ndi tungsten carbide womangidwa ndi cobalt wochepa, kawirikawiri pafupifupi magawo 6 pa 100 alionse, ndipo amawakhomerera mothina kwambiri m'mabowo a thupi la biti. Chowagwira ndi chitsulo chowazungulira. Chitsulocho chikaperepeseka, dzino limatsala poyera, limayamba kugwedera, kenako limagwa lathunthu n'kusiya bowo loyera lozungulira. Mchere umathandizira apa, chifukwa zitsulo ziwiri zosiyana zikagundana m'madzi amchere, chimodzi chimadyeka m'malo mwa chinzake, ndipo pakati pa carbide ndi chitsulo cha biti chodyeka ndi chitsulo cha biti, pamphepete penipeni pa dzino. Koma mukapeza chibenthu cha dzino chatsalira m'bowo, dzinolo linasweka, ndipo nthawi zambiri chifukwa chake ndi kuchedwa kunola. Lamulo la opanga mabiti ndi lakuti dzino linoledwe pamene kuphwatalala kwa pamwamba pake kwafika gawo limodzi mwa atatu a kukula kwa dzinolo. Ambiri timapitirira pamenepo chifukwa makina onolera ali kutali. Dzino limodzi likagwera m'dzenje, imani, litulutseni ndi mpweya. Mukapitiriza kumenya, dzino lomwelo limaswa anzake, chifukwa pansipo palibe china cholimba ngati ilo.

Hamala ndiyo imandidetsa nkhawa kwambiri pa zonse mwatchulazi, poti ndiyo yodula. Pakati pa pisitoni ndi chibekete chake mpata wake ndi wochepa zedi, ndipo zonse zimayenda pa kamafuta kopyapyala. Mukatseka mpweya kuti muwonjezere rodi, madzi a m'dzenje amafuna kulowa m'hamala, atanyamula mchere ndi mchenga. Chowaletsa ndi valavu yaing'ono ya kumutu kwa hamala, ija yokhala ndi sipuling'i. Ikatha, madzi amalowa ulendo uliwonse. Hamala ikagona m'dzenje usiku wonse, kapena ikaponyedwa pa galimoto ili ndi madzi m'mimba, m'mawa pisitoni imakhala ndi mawanga ofiirira. Yendetsani chikhadabo pa timaenjeto. Ngati chikhadabo chikudutsa osakodwa, salazani ndi mwala wonolera wosalala, pisitoni igwirabe ntchito. Ngati chikukodwa, makamaka pafupi ndi timabowo ta mpweya kapena pamene pisitoni yachepa thupi, igulidwe ina isanathyoke, chifukwa pisitoni yothyokera m'kati imawononga ndi chibekete chomwe. Ndipo onani oyilo amene mukuthira. Oyilo wakuda wotsala mu injini, amene ena amathira posunga ndalama, sagwira pa chitsulo chonyowa. Oyilo wopangidwira mahamala oboolera miyala amakakamira ngakhale pali madzi, ndipo ndiye chitetezo chokha chimene pisitoni ili nacho.

Chochita ulendo wina si chodula. Tsukani ndi madzi opanda mchere tsiku lomwelo, zitsulo zisanaume. Osatunga m'dzenje lomwe mukuboolalo. Nyamulani thanki ya madzi a mumtsinje kapena a mjigo umene anthu a m'mudzimo amati ndi wokoma, adzakulozerani okha, ndipo madzi omwewo ndiwo musakanizire thovu loboolera. Poweruka, kwezani hamala pang'ono, uzirani mpweya wokha mpaka madzi atasiya kutuluka, thirani oyilo mu rodi yomaliza, uziraninso kuti afike m'kati monse. Hamala isagone m'dzenje. Mazinga atsukidwe ndi bulashi, aume, apakidwe girizi wa mazinga, avalidwe zotsekera zake. Kupaka girizi pamwamba pa mchere n'kutsekera mdani m'nyumba, choncho kutsuka kuyambe. Musaiwale m'kati mwa marodi, mmene nkhungu yamchere imabwerera mpweya ukatsekedwa. Ntchito ya dera lamchere ikatha, hamala imasulidwe yonse musanayambe ulendo, osati mukafika. Pofika kunyumba marodi agone pa mitengo kapena pa chitsulo chokwera, osati pa dothi, ndipo musawakute ndi pulasitiki ali onyowa.

Ndikanakhala inu ndikanapempha bwana agule kachipangizo kam'manja koyezera mchere m'madzi, kaja amangoviika n'kuwerenga nambala. Kakuuzani tsiku loyenera kusamala kwambiri lilime lisanamve kanthu, komanso kakuthandizani kudziwa msanga ngati madziwo anthu adzathe kumwa. Muyezo wa MS 733 wa bungwe la Malawi Bureau of Standards ndiwo umanena mlingo wovomerezeka pa madzi a mijigo ndi zitsime, ndipo chigamulo chenicheni chimachokera ku labotale. Lembaninso m'kabuku rodi ndi biti zimene zinalowa m'dzenje lamchere ndi mamita amene zaboola. Mkangano wa mtundu uwu umatha msanga pakakhala kabuku. Ndipo bwana adziwe kuti ntchito ya ku Chikwawa, ku Nsanje kapena kufupi ndi nyanja ya Chilwa mtengo wake uyenera kuwerengera madzi otsukira, oyilo wowonjezera ndi tsiku lomasula hamala.

Musaganizenso kuti kuno kwathu kulibe vutoli. M'madera ena a chigwa cha Bua, makamaka chakumadzulo kwa Dowa, muli mijigo ya madzi owawa chifukwa cha mchere wa mtundu wa sulphate. Sakumba timaenje mwankhanza ngati chloride, koma amathamangitsa dzimbiri ndithu. Marodi otsala amene anapita ku Ngabu aja, atsukeni lero, muyang'ane zinga lililonse powala, ndipo iliyonse ya timaenje tozama pansi pa zinga ipatulidwe isanalowenso m'dzenje.

FUNSO

Bambo Mmisiri, ndine msungichuma wa komiti ya mjigo kuno ku Mkanda, Mchinji. Mjigo wathu ndi wa Afridev. M'mawa madzi oyamba amatuluka ofiira, ndipo marodi akumaduka pafupipafupi. Mmisiri wa m'dera lathu akuti tigule a stainless steel, koma ndi okwera mtengo. Kodi ndi mcherenso?

Mayi wa komiti, Mkanda, Mchinji

YANKHO

Mayi, mwachita bwino kufunsa musanatulutse ndalama za anthu. Yesani izi mawa. Tungani ndowa yoyamba mbandakucha, kenako pitirizani kupopa kwa kanthawi ndithu, mutungenso ndowa ina. Ngati yoyamba ili yofiira koma yachiwiri ili yoyera ndipo ikukhalabe yoyera mpaka masana, kufiirako kukuchokera ku marodi amene akudyeka usiku madzi ali chiimire. Mapaipi a Afridev ndi a pulasitiki, sachita dzimbiri, choncho chitsulo chachikulu chokhala m'madzimo ndi marodi. Koma ngati ndowa yachiwiri ikutuluka yoyera n'kudzafiira itakhala kanthawi, ndiye kuti madziwo akubwera ndi ayironi kuchokera m'miyala, ndipo kusintha marodi sikuchotsa kufiirako.

Sizitanthauza kuti ndi mchere ayi. Kuno ku Mchinji ndi Kasungu madzi okoma bwinobwino amathanso kudya chitsulo akakhala ndi asidi pang'ono. Akayezedwa n'kupezeka kuti pH yake, muyezo wa asidi m'madzi, ili pansi pa 6.5, marodi okutidwa ndi zinc sakhalitsa. Zinc ikatha, chitsulo cha m'kati chimatsala pamtetete. Ofesi ya zamadzi ya pa boma ingakuthandizeni kuyezetsa.

Ngati vuto ndi marodi, mmisiri wanuyo akulangizani zoona. Ndalama zogulira marodi wamba mobwerezabwereza, kuphatikiza kulipira wokonza ndi masiku amene amayi akukatunga kudambo, zimadzaposa mtengo wa a stainless steel. Koma musinthe onse nthawi imodzi. Mukasakaniza, rodi wamba yolumikizana ndi ya stainless steel imadyeka msanga kuposa kale, pamfundo pomwepo. Ndalama zikachepa ndi bwino kudikira zikwane kusiyana n'kugula theka. Pogula nyamulani maginito: rodi ya stainless steel ya mtundu wa 304, umene umapezeka kwambiri, maginito saigwira kapena amangoigwira mofooka, pamene rodi wamba yongowalitsidwa amaikakamira. Madzi akapezeka kuti ndi amchere ndithu, funsani za mtundu wa 316, umene uli ndi molybdenum ndipo umapirira chloride kuposa 304. Tsiku loika marodi atsopanowo mmisiri asinthenso timalabala tapakati tija toletsa rodi kukhula paipi.